Ululu wa pachinena ndi m'chiuno pa mimba ya masabata 26: kodi mafupa akulekana?

Nabengo26

Moni nonse. Ndili ndi pakati pa masabata 26, mimba yachiwiri. Ndikumva kuwawa pafupa la pachinena penipeni, ndipo ululuwo umatsikira m'mphechepeche mpaka mkati mwa ntchafu. Kumbuyonso kumawawa pamwamba pa thako lakumanja. Zimanyanya ndikamatembenuka pabedi usiku, pokwera masitepe, ndiponso ndikaima ndi mwendo umodzi povala. Nthawi zina ndimamva ngati mafupa akukhulana. Kusikelo anayeza mkodzo sanapeze vuto, ndipo mwana akugunda bwinobwino. Kodi mafupawa akulekanadi? Ndichite chiyani kuti zisapitirire? Nanga ndidzatha kubereka bwino, kapena ndi opaleshoni basi?

WaMafizo

Pepani kwambiri amayi. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto limene achipatala amalitchula kuti pelvic girdle pain, mwachidule PGP. Limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 5 oyembekezera, ndipo mwana m'mimbamo silimuvulaza. Komabe pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala wa mafizo akakupimeni ndi manja, chifukwa vutoli likagwiridwa msanga silivuta kulichepetsa.

Chiuno si fupa limodzi. Pali mafupa awiri akuluakulu, lakumanja ndi lakumanzere, amene pamodzi ndi fupa la kumapeto kwa msana amapanga mkombero. Mkomberowu uli ndi malo atatu olumikizirana. Amodzi ali kutsogolo pachinena, pamene pali kamnofu kolimba pakati pa mafupa awiriwo. Awiri ali kumbuyo, pamene anthu ena pamaoneka timaenje tiwiri pamwamba pa matako. Popeza ndi mkombero, malo amodzi akauma kapena akamasuntha mopitirira, enawo ndi amene amalandira katundu. N'chifukwa chake inu mukumva kutsogolo ndi kumbuyo kumanja nthawi imodzi.

Za kulekanazo mtima ukhale m'malo. Mayi wosayembekezera mpata wa pachinena umakhala mamilimita 4 kapena 5. Pa mimba umawonjezeka ndi mamilimita 2 kapena 3, ndipo ndi mmene thupi limakonzera njira ya mwana. Kulekana kwenikweni timakunena mpata ukapitirira mamilimita 10, ndipo kumachitika mwa apo ndi apo, kawirikawiri pobereka. Komanso kukula kwa mpata sikuyenderana ndi kukula kwa ululu: wina mpata wake ndi waung'ono koma akulephera kuyenda, wina ndi waukulu koma sakumva kanthu.

Ambiri amaloza chala homoni ya relaxin, imene imafewetsa mitsempha yomanga mafupa. Mwina imathandizira kubweretsa vutoli, koma mayi aliyense woyembekezera ali nayo, ndipo imachuluka kwambiri miyezi itatu yoyambirira pamene ambiri ululu usanayambe n'komwe. Chimene chimasiyanitsa amayi n'chakuti mbali ziwiri za chiuno sizikuyenda mofanana, pamene minofu yogwira mkombero uja yafooka. Ya pamimba yatanuka, ya pansi pa chiuno yalemedwa, ya m'matako sikugwira pa nthawi yake. Amene anadwalapo msana, amene anavulalapo chiuno, amene vutoli linawagwira pa mimba yapita, onenepa kwambiri ndi ogwira ntchito yonyamula zolemera ndi amene limawapeza msanga.

Mukaona zimene mwatchula zija, zonse zili ndi chinthu chimodzi: mwina mwendo umodzi wasenza thupi lonse, mwina mawondo alekana. Pamenepo fupa limodzi la pachinena limakankhidwira m'mwamba, linzake pansi. Ntchito yanu tsiku lonse ndi kuchepetsa zinthu ziwirizi.

Ndiyambe ndi pabedi, chifukwa ndi pamene ambiri amalira. Gonani cham'mbali, pilo wamtali ali pakati pa miyendo kuyambira m'mawondo mpaka mu akakolo. Pilo wamfupi wa m'mawondo mokha amasiya phazi lapamwamba likulendewera, ndipo limapotoza ntchafu n'kukoka chiuno. Bondo lapamwamba likhale pa msinkhu umodzi ndi chiuno, choncho pilo akaphwa onjezerani wina. Kapilo kena kaang'ono kalowe pansi pa mimba. Potembenuka musayambe ndi kuponya mwendo umodzi. Pindani mawondo onse awiri, panani pilo uja, limbitsani matako, kokerani m'mimba pang'ono, kenako mapewa, chiuno ndi mawondo zitembenukire limodzi. Ena amapeza kuti kudzera pansi n'kosavuta: kugwada ndi manja ndi mawondo, kenako kutsikira mbali inayo. Chovala chogonera choterera chimachepetsa mphamvu yofunika potembenuka. Podzuka sunthirani m'mphepete mwa bedi mukadali cham'mbali, tsitsani miyendo yonse iwiri pamodzi, n'kudzikankha ndi chigongono ndi dzanja linalo.

Valani muli chikhalire, kaya ndi zamkati, siketi kapena nsapato. Masitepe kwerani imodziimodzi: pokwera patsogole mwendo wosawawa, winawo uupeze pa sitepe yomweyo, ndipo potsika patsogole mwendo wowawa. Polowa m'galimoto yambani mwakhala, kenako lowetsani miyendo yonse pamodzi mawondo atagundana. Poyenda musaponye phazi patali, ndipo nsapato zikhale zafulati. Katundu mugawe manja onse awiri kapena alowe m'chikwama cha kumsana. Mwana wanu woyambayo musamunyamulire pambali pa chiuno: khalani pampando, akwere yekha pamiyendo panu. Kukankha chinthu ndi phazi, kukolopa mopotoza thupi, kusanjikiza miyendo ndi kukhala pansi mopendekera mbali imodzi, zonsezi zisiyeni kaye. Musakhalenso malo amodzi kupitirira mphindi 30 osasintha.

MzambaWanu

A WaMafizo anena zoona. Ine ndikhudze zimene siziyenera kusokonezedwa ndi vutoli, za mankhwala, ndi za kuchira.

Ululu wa PGP umatsatira kayendedwe ka thupi. Mukasuntha umabwera, mukapeza kakhalidwe kabwino umatsika. Ululu wosatsata lamulo limeneli ndi wina, ndipo musaudikirire kunyumba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mimba ikulimba n'kumasuka mobwerezabwereza musanafike masabata 37, ngati mwaona magazi kapena madzi akutuluka, ngati thupi latentha kapena mkodzo ukuwotcha, kapena ngati mwana wachepetsa kugunda. Mkodzo anauyeza inde, koma matenda a m'chikhodzodzo angabwere nthawi ina iliyonse, ndipo ululu wake umakhala pamwamba pa chinena pomwepo. Dzanzi pakati pa miyendo ndi kuzungulira kotulukira chimbudzi, kulephera kukodza kapena kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndiponso kufooka kwa mwendo, zimasonyeza kuti mitsempha ya kumsana yapanikizika. Zimenezi n'zangozi, sizidikira kuti kuche. Chimodzimodzi mwendo umodzi ukatupa, katumba akamawawa ndi kutentha, kapena mukayamba kubanika mwadzidzidzi, chifukwa angakhale magazi oundana mumtsempha.

Pali ululu winanso wobaya m'mbali mwa mimba chakumunsi, umene umabwera mukayetsemula kapena kudzuka mofulumira n'kutha posachedwa. Umenewo ndi wa mitsempha yogwira chiberekero, ndipo si wa mafupa.

Mankhwala oyamba ndi paracetamol: mapiritsi awiri a 500 mg, kudikira maola 4 mpaka 6 musanamwenso, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Imwani pamene pakufunikira, kwa masiku ochepa mmene mungathere, ndipo onetsetsani kuti mankhwala ena amene mukumwa, monga a chimfine, mulibenso paracetamol. Ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin musamwe pokhapokha adokotala atalamula. Kuyambira masabata 20 mankhwala amenewa angachepetse mkodzo wa mwana, zimene zimachepetsa madzi a m'chiberekero, ndipo m'miyezi itatu yomaliza angatseke msanga kamtsempha ka pafupi ndi mtima wa mwana kamene kamayenera kutsekeka iye atabadwa. Koma ngati anakupatsani aspirin wamphamvu yochepa woteteza kuthamanga kwa magazi, ameneyo ndi nkhani ina, musamusiye. Pachinena mungaike madzi oundana okulunga m'kansalu kwa mphindi 10 mpaka 15, ndipo kumbuyo nsalu yofunda imamasula minofu. Chotentha kwambiri chisakhudze mimba.

Tsopano za kubereka. Amayi ambiri a vutoli amabereka m'njira yachibadwa. Opaleshoni siichiritsa PGP, ndipo imadula pamimba pamene pali minofu imene mukuifuna kuti chiuno chibwerere m'malo, choncho pa chifukwa chimenechi chokha sitiithamangira. Chofunika ndi kukonzekera. Cha m'masabata 36 kapena 37, tsamirani pabedi, pindani mawondo, mulekanitse pang'onopang'ono mpaka pamene ululu wayambira. Wina ayeze ndi tepi mpata wa pakati pa mawondowo, ndipo nambalayo ilembedwe m'buku lanu la kusikelo pamodzi ndi dzina la vutoli. Nambala imeneyi imafunika kwambiri ngati mwabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi, chifukwa pamenepo simumva kuti miyendo yatambasulidwa mopitirira, ndipo ululu mumadzaumva mankhwala atatha.

Matenda a kubereka akayamba, kakhalidwe kabwino ndi kugwada mutayedzamira kutsogolo, kugwada ndi manja ndi mawondo, kuima motsamira bedi, kapena kugona cham'mbali wina atagwirizira mwendo wapamwamba osaukweza kwambiri. Kugona chagada mapazi ataponda m'chiuno kapena m'mapewa mwa anthu okuthandizani n'koipa kwambiri pa vutoli. Ngati pafunika kuika miyendo pazitsulo, monga posoka, yonse iwiri ikwezedwe nthawi imodzi ndi kutsitsidwa nthawi imodzi, ndipo isakhalitsepo. Ndinenenso mosabisa kuti pakachitika zadzidzidzi, monga mapewa a mwana kukanirira mutu utatuluka, azamba adzapinda miyendo yanu mmene kukufunikira kuti mwana atuluke, ndipo chiunocho chidzasamalidwa pambuyo pake.

Nabengo26

Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhala pansi. Ndili ndi mafunso ena awiri. Ndamva za lamba wa m'chiuno: amamangidwa pati, ndipo sangapane mwana? Komanso ena akundiuza kuti ndingogona osagwira chilichonse mpaka ndichire. Kodi n'zoona, kapena pali mafizo amene ndingachite?

WaMafizo

Lamba amathandiza ambiri koma osati onse, ndipo pali njira yoyesera musanamufune. Gonani chagada kwa kanthawi kochepa, miyendo yowongoka. Nyamulani mwendo umodzi masentimita 20 osapinda bondo, tsitsani, chitaninso winawo, n'kuona umene ukulemera kapena kuwawa. Kenako wina agwire mafupa a m'mbali mwa chiuno chanu ndi manja awiri, akanikizire mkati molimba ndithu, inu mubwereze. Mwendo ukapepuka, lamba akuthandizani, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo ya manja aja.

Lamba wake ndi wosatanuka kwambiri, wam'lifupi ngati zala zinayi. Si wonyamulira mimba ayi, uja ndi wina. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kumumanga m'mwamba, pamene pamadutsa lamba wa siketi. Pamenepo sagwira chilichonse, amangofinya mimba. Gwirani kutsogolo kwa chiuno, mupeza nsonga ziwiri za mafupa, imodzi mbali iliyonse. Lamba adutse pansi pa nsongazo, pansi pa mimba, ndipo kumbuyo adutse pamwamba pa matako pa timaenje tija. Ngati ululu waukulu uli pachinena, mutsitseni pang'ono afike pafupa lotundumuka m'mbali mwa ntchafu. Akakhala pamenepo wagwira mafupa okhaokha, mwana samukhudza. Mangani muli chigonere kapena mutaima miyendo yonse itasenza mofanana, ndipo alimbe moti zala zikhoza kulowa pansi pake. Muvaleni poyenda ndi pogwira ntchito choimirira, mumasuleni mukakhala, muvuleni pogona. Ululu ukakula mutavala, musakakamire. Kawirikawiri zimatanthauza kuti malo amodzi olumikizirana kumbuyo auma kapena minofu yakungika kale, ndipo zimenezo zimafuna kuti dokotala wa mafizo ayambe wazimasula ndi manja mofatsa.

Zongogona tsiku lonse ndikukana. Lamba weniweni wa chiuno ndi minofu, ndipo minofu yosagwira ntchito imafooka msanga. Pumani pafupipafupi, koma muziyenda mtunda umene suutsa ululu.

Mafizo oyamba ndi a minofu ya pansi pa chiuno. Muli chikhalire kapena chigonere cham'mbali, finyani ngati mukudziletsa kuphwisa, kenako ngati mukugwira mkodzo, n'kukokera m'mwamba. Matako ndi ntchafu zisathandizire, ndipo musagwire mpweya. Yambani ndi masekondi 3 kapena 4, muziwonjezera mpaka 10, kupuma masekondi omwewo pakati, maulendo 10. Tsatizani kufinya kwachangu maulendo 10. Chitani katatu patsiku. Kumasula n'kofunika mofanana ndi kufinya, chifukwa amayi ena a vutoli minofu imeneyi imakhala yokungika chifukwa cha ululu, ndipo ngati kufinya kukuwonjezera kuwawa siyani mukapimidwe. Musayeserere poimitsa mkodzo pokodza, zimasokoneza chikhodzodzo.

Achiwiri ndi a minofu ya mkati mwa mimba. Gwadani ndi manja ndi mawondo, msana uli fulati. Potulutsa mpweya kokerani m'munsi mwa mchombo chakumsana pang'ono chabe, ngati mukunyamulira mwanayo kwa inu, gwirani masekondi 5 mpaka 10 mukupuma bwinobwino, maulendo 10. Mukadali pomwepo pindani msana m'mwamba pang'onopang'ono n'kubwerera pa fulati. Achitatu ndi a matako: khalani pampando wolimba, mapazi motalikirana ndi chiuno, imirirani miyendo yonse ikukankha mofanana, khalaninso mosadzigwetsa, maulendo 8 mpaka 10.

Phindu lake lalikulu lili pa kugwiritsa ntchito kufinyako musanasunthe: musanatembenuke, musanadzuke, musananyamule kanthu, musanatsokomole. Kuyenda m'madzi ndi kwabwino, koma kusambira koponya miyendo ngati chule kumautsa pachinena. Mafizo otambasula miyendo ndi oima pa mwendo umodzi asiyeni. Muyeso wake ndi uwu: ngati ululu wakula usiku umenewo kapena m'mawa mwake, mwapitirira muyeso, chepetsani theka. Vutoli limakonda kubweza mochedwa, ndiye tsiku limene mwadzuka bwino musamalize ntchito zonse zimene zinatsalira.

Nasikelo

Ndionjezere pang'ono pa zongogona. Kupatula kufooka kwa minofu, mayi woyembekezera magazi ake amaundana msanga kusiyana ndi nthawi zina, ndipo kukhalitsa pabedi kumawonjezera ngoziyo. Ngati ululu wafika poti simukutha kuyenda, uzani adokotala momveka bwino, chifukwa angaone ngati mukufunika masokosi olimba kapena jakisoni woteteza magazi kuundana. Ndodo zoyendera si zochititsa manyazi. Zikhale ziwiri, chifukwa imodzi imapendeketsa thupi mbali imodzi, zomwe ndi zimene tikupewa.

Pa lamba ndisiyane pang'ono ndi a WaMafizo. Amayi ena usiku ndi pamene amavutika kwambiri, ndipo kumanga lamba momasuka kwa mphindi zochepa podzuka kupita kokodza kumawathandiza. Chachikulu asagone naye atalimba. Kuyambira masabata 28 muzigona cham'mbali osati chagada, zimene zikugwirizananso ndi pilo uja.

Nkhani ya kuchipinda ambiri amachita nayo manyazi kufunsa. Si yoletsedwa ngati azamba sanaletse pa chifukwa china. Kugona cham'mbali pilo ali pakati pa mawondo, kapena kugwada, kumapewa kutambasula miyendo. Bambo afotokozeredwe kuti ululuwu ndi weniweni ngakhale suoneka ndi maso. Kusowa tulo ndi ululu wa tsiku ndi tsiku zimathanso kugwetsa mtima, ndipo mukaona kuti mukungokhala okhumudwa nenani kusikelo, n'gawo la chithandizo chomwecho.

Mukachira, ambiri amayamba kupeza bwino m'masiku kapena masabata oyambirira, ngakhale pafupifupi mmodzi mwa 10 ululu umapitirira. Masabata oyambawo pitirizani malamulo onse aja a mawondo pamodzi, chifukwa mitsempha siilimba tsiku limodzi. Mwana mumusinthire thewera pamalo okwera kufika m'chiuno, ndipo poyamwitsa mukhale pampando wochirikiza msana mapazi ataponda pansi, kapena mugone cham'mbali ndi pilo. Kuyamwitsa sikuchedwetsa kuchira kwa chiuno, choncho wina asakuuzeni kuti musiyitse mwana pa chifukwa chimenechi. Ngati mwamva kuthetheka pachinena pobereka, kenako n'kulephera kuima kapena kunyamula mwendo, nenani musanatuluke m'chipatala kuti akujambuleni. Kulekana kwenikweni kuja nthawi zambiri kumapola ndi lamba, ndodo, mankhwala ndi mafizo, ndipo opaleshoni imafunika kwa ochepa kwambiri. Ululu ukakhalapobe pa sikelo ya masabata 6 mutachira, pemphani kalata yobwerera kwa dokotala wa mafizo, ndipo mukadzafuna mimba ina muyambe mwalimbitsa minofu imeneyi, chifukwa vutoli limakonda kubwerera ndipo nthawi zambiri limayamba msanga kuposa poyamba.